Kabwalo ka M'mawa pa Loji Yathu

Pa loji yomwe ndimagwira ntchito, cha kumsewu wopita ku Monkey Bay kuja, chimene chimatidyetsa ndi mawekishopu. Alendo odzaona malo amabwera inde, koma apo ndi apo. Enieni ndi anthu a mabungwe ndi a boma aja, obwera pa magalimoto oyera n'kudzitsekera muholo tsiku lonse, ife n'kumawapititsira tiyi ndi masamusa. Ndiye mawu ngati "kusintha kaganizidwe" ife tinayamba kuwamva kalekale, tili ndi thireyi m'manja. Akamaomba m'manja katatu kaja, ifenso kukhitchini tinkaomba, mongoseka basi.

Ine ndili pa risepishoni. Sukulu sindinapite nayo patali, za kompyuta ndinadziphunzitsa ndekha pa foni, kuonera mavidiyo bandulo ikakhalapo. Anandilemba chifukwa ndimayankha mauthenga msanga, komanso ndimatha kujambula kachipinda kakang'ono n'kuoneka ngati holo. Ndipo ndimalankhula. Apo ndiye musachite kufunsa, mayi anga amati ndinabadwa nkhani ili kale pakati.

Mwini loji amakhala ku Joni, timangomuona pa foni. Amene amamuonera zinthu kuno ndi malume ake, achimwene a mayi ake enieni, ndiye tonse timangoti Amjomba, ngakhale anzathu a ku Ntcheu ndi ku Thyolo omwe kwawo satchula choncho. Udindo wawo ndi wa sitolo basi, kusunga sopo, mpunga, mafuta, zonsezo. Koma manenjala aliyense wobwera amazindikira yekha kuti mpando ndi wake, loji ndi ya mbumba ya Amjomba. Munthu wosakalipa, wa kofia yoyera ndi mkanjo wosita bwino, kiyi wa sitolo ali pa chingwe m'thumba.

Ndiye kunabwera manenjala watsopano, mayi wachitsikana wa kumpoto, ife tinkangoti madamu. Wothamanga poyenda, wa nsapato zafulati, akamalankhula nawe amakuyang'ana m'maso mpaka iwe kusowa poyang'ana. Asanathe ndi sabata yomwe anatiitana tonse kuseri kwa khitchini, pomwe pali zingwe zoyanikira.

"Imani mozungulira."

Tinaima mozungulira ngati ana a nazale. Alonda athu okalamba anali atagwira kale njinga kuti azipita, anangoitsamiritsa pa mtengo.

"Kuyambira lero," anatero madamu, "m'mawa uliwonse tisanagwire chilichonse tizikumana pano, pang'ono chabe. Aliyense azinena chomwe chinamuvuta pa ntchito dzulo. Kaya wakuvutitsa ndine, nena. Ndipo apa mumvetsetse: mawu a pano sadzamutsatira munthu. Palibe amene adzachotsedwe ntchito chifukwa cha zomwe wanena pa bwalo lino."

Wophika wathu wamkulu anandinong'oneza, "Awa adya wekishopu yosapsa."

Dzina loti kabwalo linachokera pa "bwalo lino" la madamu lija. Masiku oyamba abale zinali zomvetsa chisoni. Madamu akaloza munthu, yankho linali limodzi: "Ine ndingothokoza." Wina, "Ine ndingothokoza mabwana ndi anzanga onse." Wa m'dimba tsiku lina anathokoza mpaka mvula. Kenako kunabuka nkhani ya pemphero, kuti atsegule ndani, msilamu kapena mkhristu, ndiye inatidyera m'mawa angapo mpaka tinagwirizana zosinthana. Nkhani yoyamba yomwe kabwalo kanathetsa inali ya kabwalo komweko.

Sikuti anthu analibe zonena ayi. Zinalipo zodzaza. Koma kuno munthu sumuuza cholakwa chake pamaso, anthu akuona. Umatuma wina. Ndiye anayamba kutuma ine. Madzulo foni yanga inkangolira, mavoisi okhaokha. "Chemwali, mawa ukanene kuti mafoloko akuchepa, koma usatchule ine." "Ukawauze a ku bala kuti mabotolo asamasiye pa udzu, unene ngati waona wekha." Ine ndiye ndinali pa ntchito yomwe ndimaikonda. M'mawa ndinkafika nditakonzeka, "Ena akuti, enanso akuti," mpaka kutengera mawu a munthuyo pang'ono kuti anthu aseke, aliyense n'kudziwa mwini wake popanda dzina. Zinkayenda bwinobwino m'kuona kwanga.

Madamu sanazikonde.

"Ena ndi ndani?" anandifunsa tsiku lina pakati pa anthu.

"Ndi ena basi, madamu."

"Enawo alibe pakamwa? Kuyambira mawa sindikufunanso kumva ena akuti. Aliyense pakamwa pake. Iwe uzinena za pa risepishoni."

Za pa risepishoni! Kuti pirinta ikudya mapepala? Ndinakhumudwa ndithu, koma ndinamvera.

Pano mpomwe akubwera amayi ochapa. Amayi amenewa ndi omwe nkhani ino ndi yawo. Anali atakhalitsa pa loji kuposa ambiri a ife, akuchapa pamanja chifukwa makina anafa ine ndisanabwere. Amuna awo anapita ku Joni, poyamba ankaimba foni, kenako ziii. Kunyumba kuli ana, kuli mayi awo odwala miyendo, ndipo chomwe chimalowa m'nyumba imeneyo ndi malipiro a kuchapa basi. Osalankhulalankhula, Chichewa chawo chopendekera ku Chiyao. Kafoni kawo ndi ka mabatani, kosatumiza voisi, ndiye anabwera okha pa risepishoni masana ena, manja ali oyera mbuu ndi madzi.

"Mwanangu, undijambule mawu pa foni yakoyo, mawa ukawamvetse anthu."

"Amama, madamu aletsa. Akuti aliyense azinena yekha."

Anapukuta manja pa chitenje.

"Ndiye akuti sachotsa munthu?"

"Anatero."

"Unamva ndi makutu ako?"

"Nanunso munalipo, amama."

"Ndinalipo. Koma iwe umamva chizungu chawo chapakatipakati chija. Panalibe pena pomwe anakhotetsa?"

Ndinawauza kuti panalibe. Ndipo panalibedi.

M'mawa mwake pemphero litatha, madamu asanaloze aliyense, amayi ochapa anasuntha phazi limodzi kutsogolo. Maso ali pansi.

"Ine nkhani yanga ndi sopo," anatero. "Sopo ali m'sitolo. Kiyi wa sitolo ali m'thumba la Amjomba. Amjomba ali ku Chiponde."

Wina anapulumutsa phwete n'kulimeza msanga. Tonse tinkadziwa kuti Amjomba amakonda kudzuka n'kupita kumalire kukaona katundu wawo, kapena kudooko kukaona boti lawo, n'kubwera dzuwa litapendeka.

"Ndimayamba kuchapa masana. Mashitibedi akapanda kuuma, alendo akuti akununkha chinyontho, wonyozedwa ndine. Si kamodzi ayi. Ndathera pomwepo."

Amjomba anali ataima mbali ina, manja kumbuyo. Nkhope yawo sinasinthe n'pang'ono pomwe.

"Tamva," anatero.

Zikanathera pomwepo, kaya. Koma madamu anasangalala, maso kuwala, poti chimene ankachidikira nthawi yonseyi chinali chitachitika.

"Mwaona? Izi ndiye zomwe ndimafuna! Tiyeni tiwaombere m'manja amayiwa, katatu!"

Ndiye tinaomba. Bwana akati ombani umatani? Phwa, phwa, phwa. Ine ndinaomba mwamphamvu kuposa onse, poti ndi mmene ndilili. Alonda okalamba aja okha ndi omwe sanaombe, ankayang'ana tayala la njinga yawo ngati laphwa.

Tsiku lomwelo madamu anatuma wa kabaza ku boma kukadulitsa kiyi wachiwiri, n'kumupachika pa msomali kuseri kwa tebulo langa.

Ndisaname, miyezi yotsatira inali yabwino. Sopo ankatuluka m'mawa, pofika masana zingwe zili mbee, mashitibedi akuuma ndi dzuwa lenileni. Anthu ataona kuti amayi ochapa akadali pa ntchito, pakamwa panatseguka. Wa m'dimba ananena kuti paipi yake ikudontha kuyambira chaka chatha, anamugulira ina. Atsikana a m'zipinda ananena kuti alendo ena amawagwiragwira akamakonza, madamu analamula kuti azilowa awiriawiri. Tinagwirizana kuti asilamu azipita ku swala Lachisanu masana akhristu n'kugwira malo awo, Lamulungu m'mawa n'kubwezerana, nkhani yomwe kale inkayenda mozemba ndi mokwiyitsana. Wophika wamkulu uja, wa wekishopu yosapsa uja, tsiku lina anamuuza madamu pamaso kuti amasintha menyu mochedwa, madamu n'kupepesa. Kupepesa bwana, anthu tikuona! Ndinalemba pa sitetasi tsiku limenelo, osatchula malo.

Anthu ankafika msanga. Sindikudziwa kuti ndifotokoze bwanji, malipiro anali omwewo, koma munthu unkadzuka uli ndi kanthu kokanena kapena kokamva. Amayi ochapa anayamba kuimba akamachapa. Ndipo Amjomba ankabwera pa kabwalo tsiku lililonse osajomba, kupereka moni kwa aliyense, kwa amayi ochapa omwe, "Ajimwiche uli," iwo n'kuyankha atapinda maondo. Ine ndinkati nkhani inatha.

Chinthu chikazolowereka chimayamba kuzizira chokha, palibe amene anachizimitsa. Zovuta zosavuta kukonza zinatha, zinatsala zomwe madamu sakanatha: makina ochapira, malipiro, denga la holo. Izi ankangoti, "Ndauza abwana ku Joni." Ukanena chinthu kangapo yankho n'kukhala lomwelo, umasiya. Nyengo ya mawekishopu ambiri itafika, kabwalo kanayamba kufupika, tsiku lina madamu ali pa foni, tsiku lina "lero tidumphe kaye, alendo adzuka." Anayesa kutidzutsa ndi nzeru ina, yosankha wogwira ntchito bwino pa mwezi n'kupachika chithunzi chake pa risepishoni. Ndinajambula ndine, chithunzi chokongola zedi. Mtsikana woyamba kusankhidwa anabwera kudzandipempha kuti ndichichotse, akuti anzake asiya kudya naye, ndipo azakhali ake amuuza kuti nkhope siikhala pakhoma pomwe aliyense wodutsa angaiyang'ane mmene akufunira. Mwezi wotsatira aliyense ankapemphera kuti asasankhidwe. Zinafera pomwepo.

Kenako madamu anapeza ntchito ku Lilongwe, ku hotela yaikulu. Tinawachitira kaphwando, tinavina, analira pang'ono. Mawu awo omaliza anali akuti, "Kabwalo musakasiye. Si kanga, ndi kanu."

Sitinakasiye. Mwini loji anati podikira manenjala wina, Amjomba agwirizire. M'mawa woyamba tinasonkhana mwachizolowezi, Amjomba anabwera, mnyamata wa ku bala atawanyamulira mpando. Anakhala pansi ife tili chiimire. Anatiuza alendo omwe akubwera, zoti tisamale madzi, zoti foni pa ntchito zichepe, apa akuyang'ana ine. Pomaliza anafunsa, "Alipo ali ndi mawu?" mwaulemu ndithu. Panalibe. Masana ake anadutsa pa risepishoni, anatambasula dzanja kuseri kwa tebulo langa n'kuchotsa kiyi uja pa msomali.

"Angasowe apa," anatero. "Pamadutsa anthu ambiri."

Chaka chimenecho ndi chomwe nyanja inakwera kwambiri. Madzi anadya mchenga wonse, analowa mu bala, kenako m'zipinda za kumunsi mpaka m'miyendo ya mabedi. Mawekishopu anasamukira kwina. Amjomba anatiitana n'kunena kuti ambiri apite kaye kunyumba, zinthu zikakhala bwino adzaitanidwa pa foni. Izi si zachilendo, nyengo ya mvula zimachitika. Tinatsala ochepa, ine ndinatsala chifukwa mauthenga a alendo sasiya kubwera ngakhale loji ili m'madzi.

Madzi atabwerera, tinapenta, tinayanika matiresi, mabungwe anayambanso kuimba. Amjomba ankabwera pa tebulo langa n'kunena pakamwa, "Lero imbira uje ndi uje, abwere mawa." Ine n'kuimba. Ntchito yokoma imeneyo, munthu akamva mawu ako amakuwa ndi chimwemwe ngati wamupatsa ndiwe. Atsikana a m'zipinda anabwerera, wa m'dimba anabwerera, onse kupatula amayi ochapa. Zochapa anayamba kupatsa mtsikana wina wachibale chawo, akuti mongogwirizira.

Amayi ochapa ankandiflasha. Foni yanga inkalira kamodzi n'kudula, m'mawa, madzulo. Ndikawaimbira, funso linali limodzi.

"Sananene kanthu?"

"Sananene, amama."

"Kapena aiwala?"

Ndinayesa kuwakumbutsa Amjomba, mwa nthabwala mmene ndimachitira. "Amjomba, amama a zochapa aja foni yanga aitopetsa, ndiwauze chiyani?"

"Uwauze tikuwaganizira," anatero, akumwetulira. Basi.

Apa ndinatenga foni n'kulembera madamu ku Lilongwe, nkhani yonse, ndime zitalizitali. Anayankha tsiku lomwelo ndi voisi, kumbuyo kukumveka mbale ndi anthu. Anakhumudwa zenizeni. Anati n'kulakwa kwakukulu, anati amayiwo ali ndi ufulu, apite ku ofesi yoona za apantchito ku boma akadandaule, iye ali wokonzeka kuchitira umboni pa foni. Anatumizanso timanja topemphera ta pa foni tija.

Ndinakwera kabaza kupita kwa amayi ochapa kukawamvetsa voisiyo. Ndinawapeza akusankha usipa wouma pa mphasa, wa munthu wina, ganyu. Anamvetsera mpaka kumapeto, anati ndibwerezenso, anamvetseranso.

"Ndi munthu wabwino," anatero. "Ndiye ndikawasumire Amjomba."

"Akutero."

"Ndikawina?"

"Mubwerera pa ntchito."

"Pa ntchito ya ndani? Sopo ndizikapempha kwa ndani? Mayi anga akamwalira, adzakumbe manda ndi anthu a ku ofesiwo?" Anabweza foni yanga. "Iwowo ali ku Lilongwe, mwanangu."

Amene anabwera ndi njira ndi alonda okalamba aja. Iwo ndi Amjomba ndi a msinkhu umodzi, anavinidwa chaka chimodzi, amaswali mzikiti umodzi. Anandiimitsa pa geti m'mawa wina, njinga ili m'manja.

"Iwe wa foni, ukudziwa chomwe chinawapweteka akuluwa?"

"Za kiyi zija, anganga?"

"Kiyi n'chiyani? Kiyi akanapereka okha, wina akanapita kuseri n'kuwauza bwinobwino. Ndi m'manja muja. Munthu wa imvi, mwini mbumba, ana omwe anawaona akukwawa akumuombera m'manja mzimayi woti wamuvula kofia pagulu. Mpaka kumzikiti inafika nkhaniyo, anthu akumufunsa, kiyi muli naye lero? Miyezi yonseyi akuyenda nazo."

"Koma anatiuza kuti tiombe ndi madamu."

"Madamu ali kuti?"

Anati awalankhula kale Amjomba, kangapo, pang'onopang'ono, ndipo khomo silinatsekedwe. Chofunika n'choti amayiwo apite okha kunyumba kwa Amjomba, osati ku loji, akapepese. Alondawo adzatsogolera. Pafunikenso munthu wamkazi wowaperekeza, ndipo poti amuna awo kulibe, abale awo ali kutali, ndiye ndipite ine.

Ine zinandivuta kumvetsa. Kupepesa chiyani? Ndinalankhula zambiri pa geti pomwepo, za ufulu, za zomwe tinalonjezedwa, zina zomwe ndinamva m'mavidiyo. Alonda anandidikira mpaka ndinamaliza.

"Wamaliza? Lachisanu, tikatuluka ku swala. Uvale chitenje, ndipo chinthu chakocho chikhale m'thumba."

Nditawauza amayi ochapa sanafunse n'komwe kuti apepese chiyani. Anangofunsa kuti nkhuku ikhale tambala kapena thadzi.

Kwa Amjomba ndi kumtunda kwa msewu, nyumba ya malata yokhala ndi khonde lalikulu la simenti yofiira. Tinawapeza atakhala pa mpando wa ndalema, akadali ndi mkanjo wa ku swala. Alonda anapatsidwa mpando. Ife awiri tinavula nsapato n'kukhala pa mkeka pansi, tambala ali pambali panga, miyendo yomanga, akupuma mwabefu ndi kutentha. Akazi awo a Amjomba anatipatsa madzi n'kukakhala pakhomo, pomwe akanamva zonse. Ana anathamangitsidwa koma sanapite patali.

Moni yekha anatenga nthawi. Za miyendo ya mayi awo a amayi ochapa, za madzi mmene anaonongera, za mtengo wa chimanga. Foni yanga inkanjenjemera m'thumba, ine manja kuyabwa. Kenako alonda anakonza kukhosi n'kuyamba, theka Chiyao theka Chichewa, kuti abwera ndi mwana wawo, mwana analakwitsa, anatengeka ndi za alendo, mlendo wapita, mwana watsala ndi makolo ake.

Amayi ochapa anadzuka pa mkeka n'kugwada, manja pamodzi.

"Amjomba, ndinalankhula mopanda ulemu pamaso pa ana. Pakamwa panandithawa. Ndinu bambo anga, ndilibe kwina. Mundikhululukire."

Mawu awo anali omwewo a tsiku la sopo lija, osakwera osatsika. Sanalire.

Amjomba anayang'ana kumsewu komwe kunkadutsa minibasi. Kenako anaseka pang'ono.

"Aaa, amayi, dzukani, dzukani. Mwavutikiranji ndi dzuwa lonseli? Ine ndinalibe nanu chifukwa. Za pa ntchito ndi za pa ntchito. Kungoti zinthu zinachuluka, madzi aja, mapenti, mutu unali pambiri." Anatembenukira kwa ine. "Iwenso wa foni, bwanji osandikumbutsa?"

Ndinatsegula pakamwa. Alonda anandiyang'ana. Ndinatseka.

"Pepani, Amjomba," ndinatero.

"Mtsikana uja zochapa zikumukanika, ndimuika m'zipinda. Inu mubwere Lolemba." Anakodola akazi awo kuti atenge tambala. "Ndipo sopo akachedwa, muzingobwera kudzandiuza ine. Ndine munthu, ndimamva."

"Sikomo kwejinji," anatero amayi ochapa, akadali chogwada.

Sanatilole kuchoka tisanamwe tiyi. Anatulutsa ndi mabisiketi omwe, ndipo Amjomba anacheza bwino kwambiri, anatisimbira za ulendo wawo woyamba wa ku Mozambique ali mnyamata, mmene anasocherera ndi njinga yodzaza mchere. Nkhani yoseketsa zedi, ndinaseka zenizeni, ngakhale ndinali ndisanafune.

Kabwalo kakadalipo mpaka pano, ngati mukufuna kudziwa. Manenjala wina anabwera, bambo wa ku Zomba, anakapeza n'kukakonda, akuti loji zina zilibe zoterezi. Timaima, timapemphera mosinthana, amatiuza za tsikulo. Za Lachisanu ndi Lamulungu zija zinakhala, atsikana amalowabe m'zipinda awiriawiri. Mavoisi anayambiranso kubwera madzulo, ndipo bamboyu "ena akuti" samuvuta.

Tsiku limenelo pobwerera, alonda anakwera njinga yawo n'kutisiya. Ife awiri tinatsika wapansi kulowera kumsewu, mchenga ukuotcha. Ine ndinali ndi mawu odzaza m'kamwa, ndinayamba, "Koma amama, zoona inu kugwada chifukwa cha sopo woti..."

"Foni yako ili ndi mayunitsi?" anandidula.

"Alimo pang'ono."

"Imbira mng'ono wanga wa ku Malindi uja. Umuuze abwere Lamulungu adzakhale ndi amayi ndi ana, ine Lolemba ndikuyamba ntchito."

Ndinaimba. Netiweki inali yovuta, ndinachita kukwera pa kachulu m'mbali mwa msewu. Atayankha, amayi ochapa anandilanda foni n'kunena okha, mokuwa, mpaka a kabaza omwe anali pa siteji anatembenuka.